Kamchira, mbira yotuma anzake: lipoti la momwe tidapangira nyama ya m'katuni ndi kuipezera mawu

Ntchito imene tidapatsidwa

Kagulu kathu kuno ku Dedza kadapemphedwa kupanga timakanema ta katuni ta mphindi zisanu kalikonse, toonera ana a Sitandade 1 mpaka 3. Mitu yake idali ya zinthu zimene zimapweteka ana tsiku ndi tsiku: kuwoloka msewu wa M1, moto wa m'tchire nyengo yosaka mbewa, zitsime zosavundikira, kudya osasamba m'manja. Ine ndidali wolemba nkhani komanso wotsogolera ojambulitsa mawu. Zithunzi ankajambula ndi anzanga awiri.

Mwini nkhani ndi Tadala, mtsikana wa zaka 8 wokhala m'tsinde mwa phiri. Tadala yekha sakadakwanitsa. Mwana amene amangochita zoyenera zokhazokha ana anzake samutsatira, koma makolo ndi aphunzitsi nawonso safuna kuti mwana wachitsanzo azichita zopusa. Pamafunika wina wolakwitsa, woyenda naye kulikonse, amene woonera angamuseke ndi kumudzudzula. Lipoti ili ndi la wolakwitsayo.

Kusankha nyama

Woyamba kutchulidwa adali Kalulu, monga mwa nthawi zonse, ndipo ine ndidamukana. Kalulu amabwera ndi mbiri yake kale. Mwana aliyense amadziwa kuti iyeyo ndiye wochenjera ndipo pamapeto apambana basi, choncho mukamuika pambali pa Tadala nkhani yonse imathawira kwa iye.

Fisi ndi kadzidzi sitidatayirepo nthawi. M'makatuni akunja kadzidzi amakhala mphunzitsi wanzeru wovala magalasi, koma kuno akalira padenga anthu sagona tulo, ndipo fisi nkhani zake ndi za ufiti. Bilimankhwe ndi wokoma kujambula, maso ake okha angaseketse munthu, koma ana ambiri amamuthawa. Nyani dzina lake anthu amatukwanirana. Padalinso china chofunika kusamala nacho m'dera lathu lino. Amene adalowapo m'nyumba ya Chamare ku Mua amadziwa kuchuluka kwa nyama zimene zili ndi tanthauzo ku Gule Wamkulu, kuyambira Kasiyamaliro mpaka Njovu. Zithunzi zoyera za m'mapanga a Chongoni, malo amene UNESCO idawaika m'kaundula wake mu 2006, nazonso zambiri n'zokhudza chinamwali ndi Nyau. Tidagwirizana kuti mapiri ndi matanthwe tijambula, koma za eni ake sitizisandutsa choseweretsa ana.

Mbira adaibweretsa ndi mnzathu wojambula amene adakula akuziona kuphiri. Sindikunena mbira yoweta ija ya m'khitchini, koma ya m'matanthwe. Titaifufuza tidapeza kuti khalidwe lonse limene tinkafuna lili kale m'moyo wake. Thupi la mbira silisunga bwino kutentha, n'chifukwa chake m'mawa imayamba yawothera dzuwa pathanthwe isanapite kukadya. Pamene zinzake zikudya, imodzi imakhala mlonda, ndipo ikaona chiwombankhanga imalira, zonse n'kulowa m'ming'alu. Akatswiri a nyama amati pakati pa nyama za pamtunda zimene zilipo lero, m'bale wake wapafupi ndi njovu, ngakhale iyo kulemera kwake ndi makilogalamu ochepa chabe. Ndipo ilibe mchira wooneka. Nthano imati tsiku logawa michira mbira idachita ulesi, idatuma anzake kuti akaitengere, ndipo mpaka lero ikudikirabe.

Kamchira adabadwa choncho: waulesi, wozizidwa nthawi zonse (ku Dedza izi sizifuna kufotokoza), wodzitama kuti amalume ake ndi a Njovu, ndipo ntchito iliyonse amatuma wina. Koma maso ake ndi akuthwa. Ngozi amayamba kuiona ndi iyeyo, ndipo akaimba mluzu wake zinthu zimakhala zavutadi. Popanda mbali imeneyi akadangokhala katundu, ndipo mwana akadafunsa chifukwa chimene Tadala amayendera naye.

Maonekedwe

Zojambula zoyambirira titawaonetsa ana a pafupi ndi pomwe timagwirira ntchito, onse adakuwa kuti khoswe. Chidatipweteka koma ankanena zoona: mphuno idali yosongoka, ndevu zitalizitali, mano awiri akutsogolo poyera. Mbira yeniyeni ili nawo mano awiri am'mwamba otuluka ngati timinyanga, koma pakatuni ankaopsa ana aang'ono, ndiye tidawafupikitsa kuti azingooneka akamaseka. Thupi tidalikulungiza, mphuno tidaibuntha, ndipo mapazi tidawasiya monga alili: zala zinayi kutsogolo, zitatu kumbuyo. Mtundu wake weniweni, wotuwa ngati thanthwe, unkamusowetsa pachithunzi, choncho tidaufiiritsa pang'ono.

Vuto lalikulu lidali mchira womwewo. Wojambula katuni amadalira mchira ndi makutu kuti nyama ioneke kuti yakondwa, yachita mantha kapena yachita manyazi, chonsecho mbira mchira ilibe ndipo makutu ake ndi ting'onoting'ono. Yankho lidachokera ku kuzizira. Kamchira amavala sikafu yofiira, ndipo nsonga yake imalendewera kumbuyo mpaka pansi. Akadzidzimuka imaima njo, akachita manyazi amaikumbatira, akathamanga imatsalira m'mbuyo kenako n'kumupeza. Iye amaumirira kuti umenewo ndi mchira, ndipo palibe amene amamutsutsa kupatula Tadala.

Iwe kapena inu

Apa ndi pamene padagona ntchito yonse, ngakhale poyamba padaoneka ngati pang'ono.

Mwana wa kuno amatumidwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo: katunge madzi, kapale moto, kaitane aphiri, kagule mchere. Kukana sangayerekeze. Ndiye chokoma cha Kamchira n'chakuti ndi wotuma amene mwana angathe kumukanira. Taonani kachigawo aka ka m'kanema woyamba:

Kamchira: Tadala, tandithyolera masuku ajawo, miyendo yanga ikadali yozizira.
Tadala: Miyendo yakoyo imazizira pokhapokha pakakhala ntchito.
Kamchira: Ulemu, mwana iwe! Ukuwadziwa amalume anga?
Tadala: Pepanitu a Kamchira, abale awo a Njovu. Kathyoleni nokha.

Papepala zimenezi zimaseketsa. Koma kuseketsa kwake kumadalira kuti khutu lamva Kamchira ngati ndani.

M'katuni mawu ndi amene amayamba kujambulidwa, zithunzi n'kumatsatira pambuyo, chifukwa wojambula amayenera kudziwa kutalika kwa liwu lililonse. Tisanayambe kujambula zenizeni timapanga kaye animatic, kutanthauza zithunzi zosayenda za storyboard (ndandanda wa zithunzi woonetsa mmene nkhani iyendere) zoikidwa pamodzi ndi mawu oyeserera. Pa animatic yoyamba Kamchira adalankhulidwa ndi bambo wina wachikulire wodziwa zisudzo, wa mawu akuluakulu abesi. Maganizo athu adali akuti kanyama kakang'ono ka mawu aakulu kaseketsa. Titaonetsa aphunzitsi angapo, palibe adaseka. Mayi wina adangoti, "Achimwene, mwana ameneyu ndi wamwano. Agogo ake angamawayankhe choncho?" Mawu olembedwa adali omwewo, koma liwu lidasandutsa Kamchira munthu wamkulu, ndipo "kathyoleni nokha" adasanduka chipongwe.

Padali amene adati tisinthe mawu a Tadala kuti azikana mwaulemu. Ine sindidavomere, chifukwa tikadatero tikadapha chinthu chokhacho chimene chimapangitsa ana kumukonda Kamchira. Chofunika kusintha chidali ubale wawo. Pachikhalidwe chathu pali anthu amene mumatha kunyozana nawo popanda mlandu, ndipo woyamba ndi msuweni. Tidagamula kuti Kamchira azimveka ngati msuweni wa Tadala wamkulupo pang'ono, amene amafuna ulemu umene sadaufikire. Onse awiri amatchulana kuti iwe. Iye amadzitchula yekha kuti a Kamchira, ndipo Tadala akanena kuti inu ndiye kuti akumuseka. Kwa mayi ake a Tadala, Kamchira amagwada n'kuwomba m'manja ngati mwana wina aliyense, ndipo sadawatumepo n'kamodzi komwe. Lamulo limeneli tidalilemba pakhoma.

Kufunafuna liwu

Titachoka ku besi tidalumphira mbali ina. Mnyamata wina wa m'gulu lathu adayesa kufinya mawu kuti amveke ngati kamwana, ndipo pakompyuta tidawakwezanso ndi Change Pitch ya mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu. Zidamveka ngati makatuni ambiri amene ana amaonera pa TV, ndipo n'chifukwa chake ena adazikonda. Koma zidali ndi mavuto. Kompyuta ikakweza mawu kwambiri sikweza kamvekedwe kokha, imasinthanso mamvekedwe a kukhosi ndi m'kamwa, moti munthu amamveka ngati wapanikizidwa m'botolo. Mavawelo amayamba kufanana, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amataya theka la zimene zanenedwa. Komanso wofinya mawu amakhala kale pamwamba penipeni pa liwu lake, alibe kokwera. Chichewa chimafuna kukwera ndi kutsika, osati pa tanthauzo la mawu pokha komanso pa kunyogodola, kudandaula ndi kunyengerera, ndipo Kamchira amakhalira zimenezo. Pakutha pa ola mnyamatayo adali atasasa mawu.

Kampani zambiri za makatuni zimapereka mbali za tianyamata kwa amayi akuluakulu, chifukwa liwu la mayi silisintha pakapita zaka monga limachitira la mnyamata akamakula. Tidaitana amayi angapo ochita zisudzo m'magulu a kumpingo. Mmodzi wa iwo, atapatsidwa pepala, adawerenga bwinobwino, chilembo chilichonse pamalo pake, ngati akuwerenga kalata yoyamba Lamulungu. Zidali zoyera koma zakufa. Ndidawalanda pepalalo n'kuwauza kuti, "Mayi, iwalani zolembazi. Mwakhala padzuwa, mwatambalala, kapu ili apo pafupi koma simukufuna kudzuka. Tamutumani mwanayu."

Adatsamira khoma, maso n'kutsinzina pang'ono, n'kuti: "Iwee, tandipatsiiira kakapu kali apooko." Mawu adatulukira pang'ono m'mphuno, osathamanga, akukoka silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto. M'Chichewa silabulo imeneyi imatalika kale mawu akakhala kumapeto kwa chiganizo, koma iwo ankaitalikitsa mopitiriza, ndipo ulesi wonse unkamveka pamenepo. Kamtsikana kamene kamalankhula mbali ya Tadala kadaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako kadayankha kokha, kopanda pepala, kuti, "Dzuka ukatenge wekha." Kadanena kuti "dzuka" kwa mayi wamkulu osazindikira n'komwe, chifukwa m'khutu mwake amene adalankhula sadali mayi. Ndidadziwira pamenepo kuti liwu lapezeka.

Pakompyuta sitidakweze mawu awo ngakhale pang'ono. Chimene tidachita ndi kulemba malamulo ochepa kuti liwulo lisasochere pakati pa kanema ndi kanema. Kamchira akamatuma amalankhula mokoka. Akamadzitama amatsitsa mawu kufuna kumveka ngati njovu, koma amalephera ndipo liwu limathyoka. Akachita mantha amathamangitsa mawu osakokanso. Pofotokoza zinthu amakonda mvekero: galimoto idadutsa kuti fyuu, mwala udagwera m'chitsime kuti chubwi, anthu onse adangoti zii. Mvekero ndi chuma kwa wojambula, chifukwa liwu lililonse lotere limamuuza kale mmene thupi liyendere. Tsiku lililonse tisanayambe, mayiwo ankamvera kaye chiganizo cha kakapu chija kuti abwerere pamalo pake.

Kujambula mawu

Situdiyo yathu ndi chipinda wamba cha malata. Tidaimika matiresi m'makoma n'kupachika mabulangete kuti mawu asabwerere, ndipo pansi tidayala mphasa ndi zitenje. Pa malata mvula ikangoyamba ntchito yatha, choncho mawu onse tidajambula m'nyengo yopanda mvula. Koma Dedza ili pamwamba, ndipo mu Juni ndi Julayi munthu m'mawa amadzuka kukhosi kutauma. Tinkayamba dzuwa litakwera, titamwa madzi ofunda, ndipo thiraki ikamakwera mtunda pamsewu tinkaima kaye mpaka ipite. Laputopu ndi kabokosi kolumikizira maikolofoni zinkayendera batire kuti magetsi akazima tisataye chimene tajambula.

Maikolofoni tinkaiika kutalika kwa chikhatho chotambasula kuchokera pakamwa, mopendekera pambali pang'ono. Chichewa chili ndi ph, th ndi kh wambiri, ndipo mpweya wa "phiri" kapena "mphepo" ukamenya maikolofoni molunjika umaphulika m'mahedifoni. Chotchingira chathu chidali sokosi yopyapyala yokungidwa pa waya. Tinkajambula pa 48 kHz, muyezo wa mawu a kanema, ndipo tinkasiya mpata wokwanira kuti Kamchira akakuwa mawu asang'ambike. Pomaliza tinkajambulanso chipinda chili chete kwa kanthawi, kuti tikhale ndi chodzazira mipata podula.

Ambiri amajambula wosewera aliyense payekha chifukwa kudula kumaphweka. Ife tidawaika pamodzi, aliyense ndi maikolofoni yake, moyang'anizana. Zidativuta podula pamene mawu alowererana, koma chisuweni munthu sangachichite yekha. Mwanayo ankabwera akaweruka kusukulu, limodzi ndi mayi ake amene adasainira chilolezo, ndipo tinkapumira pafupipafupi. Chinthu chimodzi chimene ndidaletsa aliyense ndi kumunenera chiganizo kuti abwereze. Mwana amatengera kamvekedwe ka wamkuluyo ndendende, ndipo zotsatira zake ndi mwana wolankhula ngati mkulu. Kuli bwino kumufunsa kuti, "Kamchira wakunamiza kachitatu, umuuza chiyani?"

Kupatula ziganizo, tidajambulanso mulu wa timawu topanda mawu: kuyasamula, kunjenjemera, kutafuna, kubuula pokwera thanthwe, kuseka kwamitundumitundu. Timeneti ndi timene timapatsa nyama moyo pamene siikulankhula, ndipo oyamba kumene amatiiwala. Mluzu wochenjeza tidausiya kuti ukhale wosaseketsa: waufupi, wakuthwa, kawiri, ndipo ukalira nyimbo zonse zimaima.

Zonse tinkaziyesa pa sipika ya foni yotsika mtengo, chifukwa ana ambiri adzaonera pamenepo, kanema atatumizidwa pa WhatsApp. Sipika yaing'ono simatulutsa mawu apansi. Besi ya bambo aja, ngakhale pakadapanda nkhani ya ulemu, ikadasowa theka pafoni.

Pakamwa

Kanema amayenda zithunzi 24 pa sekondi. Ife tinkajambula chithunzi chimodzi n'kuchisiya chioneke kawiri, ndiye 12 pa sekondi, zimene pa mphindi zisanu zimakwana 3,600. Anthu awiri sangajambule zonsezo pamanja, choncho Kamchira tidamumanga ngati chidole chokhala ndi mfundo mu pulogalamu yopangira makatuni ya Blender, ndipo pakamwa tidajambula padera kuti pazisinthidwa.

Apa Chichewa chimamukomera wojambula. Mavawelo ndi asanu okha, ndipo pafupifupi silabulo iliyonse imathera pa vawelo. Tidakwanitsa ndi makamwa asanu ndi atatu: asanu a mavawelo, kotseka kwa m, b ndi p, mano pamlomo kwa f ndi v, ndi kopuma. Tidayesa pulogalamu yaulere ya Rhubarb Lip Sync, imene imagwirizanitsa pakamwa ndi mawu. Njira yake yoyamba imamva Chingerezi chokha, koma ili ndi ina yongomvera kamvekedwe, ndipo imeneyo idatichepetsera ntchito ndithu. Pokonza pamanja padali pa mawu ngati "mwana", "bwera" ndi "mphwanga", pamene milomo iyenera kutsekeka kaye kenako n'kuzungulira. Diso likapanda kuona kutsekako limadziwa kuti pali cholakwika ngakhale mwini wake sangatchule. Pakamwa tinkapatsogoza chithunzi chimodzi kapena ziwiri liwu lisanamveke, monga amachitira ojambula ambiri. Pa silabulo zokokedwa zija sitinkasiya kamwa lili yasaa osayenda: mutu unkapendekeka pang'onopang'ono ndipo zikope zinkatsika.

Tsiku lojambula mawu tinkaikanso foni pakona kuti izijambula nkhope ya mayiwo. Kakwezedwe ka nsidze imodzi pamene Kamchira akutchula amalume ake n'kawo.

Ana ataonera

Kanema wa msewu tidamuonetsa m'kalasi pasukulu ina ya kumudzi, mawindo titatchinga ndi zitenje. Ine sindinkayang'ana kanemayo, ndinkayang'ana anawo. Pamene Kamchira akunyengerera Tadala kuti athamangire mpira umene wagubudukira mumsewu, kalasi lonse lidayamba kukuwa kuti akane. Pamene iye mwini watopa kudikira n'kutsika kuti akautenge, adamukuwira iyeyo. Mluzu utalira, phokoso lonse lidatha nthawi yomweyo. Aphunzitsi aja amene adadandaula za mwano sadatchulenso nkhaniyo. Adangopempha kuti Tadala asamatsonye, ndipo tidachotsa.

Padatuluka zinthu ziwiri zimene sitidaziganizire. Choyamba, ana ena aang'ono ankaganizabe kuti Kamchira ndi mbira yoweta, ndipo ankafunsa chifukwa chake sagona m'nyumba. M'kanema wachiwiri tidaonjezera kachigawo kosonyeza kwawo kumatanthwe, abale ake ali ndandanda kuwothera dzuwa. Chachiwiri n'chachikulupo. Patapita masiku, mphunzitsi wina adatiuza kuti ana ayamba kutumana pabwalo ndi liwu la Kamchira, ndipo akuluakulu ena akutuma tiana ta Sitandade 1 mwanjira yomweyo. Mbali ina izi zidatikondweretsa, chifukwa liwu limene ana akulitengera ndiye kuti lagwira. Koma tidaona kuti nkhani iliyonse iyenera kuonetsa poyera kuti kutumako sikumupindulira: masuku amene watumira amadyedwa ndi amene wathyola. Tidalembanso mathero a makanema awiri chifukwa cha zimenezi.

Padalinso ganizo lochokera kwa amene adatipatsa ntchito lakuti pakhale kanema wina momwe Kamchira aimbe mluzu monamiza kuti aseke anzake. Ndidakana. Mluzuwo ndi chinthu chokhacho chimene ana amamukhulupirira nacho, ndipo m'makanema a moto ndi chitsime tikudalira kuti akaumva adziwa kuti apa sipamasewera.

Mgwirizano ndi zotsala

Mayi wolankhula Kamchira tidalemberana nawo mgwirizano wonena malipiro a kanema aliyense, kumene mawuwo adzagwiritsidwe ntchito, ndiponso kuti sitidzawaika pa malonda kapena kuwapereka kwa wina popanda kukambirana nawo mwatsopano. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza ochita zisudzo nawonso, osati olemba ndi oimba okha, ndipo tidawalangiza kuti akafunse za ufulu wawo ku COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso. Mgwirizano wa mwana adasainira ndi makolo ake.

Pakadali pano makanema a msewu ndi a chitsime atha, wa moto uli pa animatic. Chimene tikukanganabe ndi nyimbo. Anzanga akufuna Kamchira aziimba kumayambiriro kwa kanema aliyense, koma mayiwo akangoyamba kuimba liwu lawo la kwaya limabwerera, loyera ndi lokoma, ndipo Kamchira amasowa. Tikuyesa kuti aziimba Tadala, iye azingolowerera mochedwa pa mzere womaliza.